Mowa wanga unaima pa 1.020 m'nyengo yozizira ya ku Joni

Madzulo a pa 12 Julayi 2020, Pulezidenti Cyril Ramaphosa atalengeza kuti kugulitsa mowa kwaletsedwanso m'dziko lonse la South Africa, anzanga ankadandaula pa WhatsApp koma ine mtima unali m'malo. M'galaja ya nyumba imene timachita lendi ku Johannesburg munali chigubu cha malita 23 chimene ndinafulula masiku anayi m'mbuyomo. Unali mowa wofulula wekha kunyumba kuchokera m'chitini: chimera chamadzimadzi cholemera makilogalamu 1.7, shuga kilogalamu imodzi, madzi, ndi kapaketi ka yisiti kamene kamakhala pansi pa chivundikiro. Tsiku lofulula hydrometer, kagalasi koyandama koyezera shuga amene ali m'mowa, inaonetsa 1.042, nambala imene imatsika yisiti ikamadya shugayo. Tsiku lachiwiri thovu linali tho pamwamba, ndipo airlock, kapulasitiki ka madzi kotulutsira mpweya kaja, kankalira usiku wonse.

M'mawa wa tsiku lachisanu kanangoti zii.

Ndinayamba ndi kukayikira chivundikiro, ndipo aliyense ayenera kuyambira pomwepo. Airlock ikasiya kulira sindiye kuti mowa wasiya kuwira. Zigubu zapulasitikizi zimapuma m'mbali, mpweya n'kumatulukira pa labala ya chivundikiro m'malo modzera m'kapulasitikiko. Ndinadina pamwamba ndi chala, madzi a mu airlock anasuntha n'kukhala pomwepo, kusonyeza kuti chigubu n'chotseka bwino. Ndiye vuto linali m'kati.

Ndinatapa pang'ono papompi n'kuyeza: 1.022. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, 1.020. Ndinadikira masiku awiri, 1.020. Mawa lake, 1.020 yomweyo. Mowa wamtunduwu umayenera kutsika kufika cha m'ma 1.010 kapena kutsikirapo pang'ono. Ndisanaimbe mlandu yisiti ndinayesa hydrometer yeniyeniyo m'madzi wamba a madigiri 20, inaima pa 1.000 monga iyenera. Ndinaphunziranso kuipotokola ndi zala ikakhala m'mowa, chifukwa timathovu timakanirira pagalasi n'kuikweza, munthu n'kuwerenga nambala yabodza. Nditalawa zimene ndinatapazo, zinali zotsekemera ngati thobwa la dzulo. Fungo loipa panalibe, kuwawasa panalibe. Shuga anali akadali m'menemo.

Mayi a kunyumba anandipeza nditanyonyomala pambali pa chigubu, nati, "Bambo, mungothira m'mabotolo basi, ukapsera momwemo." Ndinatsala pang'ono kumvera, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amavulalira. Yisiti yogona imadzuka ikamva kutentha. Ikadzukira m'botolo lotseka, imadya shuga yense wotsala kuphatikiza amene mwathira wopangira gasi, ndipo mpweyawo ulibe kothawira. Kuchoka pa 1.020 kufika pa 1.010 ndi mpweya wochuluka kuwirikiza kawiri umene mowa wa m'botolo umafunika, osawerengera shuga wowonjezerayo. Botolo lagalasi limaphulika, zidutswa n'kumwazika chipinda chonse. Ndinawauza kuti, "Amayi, tiyeni tipirire, m'nyumba muno muli ana."

Choyambitsa ndinachipeza m'mawa wotsatira nditadzuka 5 koloko. Kachingwe koyezera kutentha komata pachigubu kanali pa madigiri 13. Masana ndinkakaona pa 18 n'kumadzinamiza kuti zili bwino. Julayi wa ku Joni usiku kumazizira mpaka chisanu kugwa pa udzu, ndipo chigubu ndinachikhazika pasimenti penipeni. Yisiti ya mowa wa ale, mtundu umene ndinafululawu, imagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 18 ndi 22. Masiku oyamba imadzitenthetsa yokha chifukwa kuwirako kumatulutsa kutentha, koma ikayamba kufooka kuzizira kumaigonjetsa, n'kutsikira pansi kukagona. Ndinakumbuka agogo anga ku Dedza akukuta mbiya ya masese ndi masaka n'kuisendeza kufupi ndi moto mwezi wa Juni. Ine ndi sukulu yanga yonse ndinaiwala zimene iwo ankachita osaganizira n'komwe.

Tinanyamula chigubucho awiri, mosamala kuti chisakhutchumuke, n'kuchilowetsa m'nyumba. Ndinachiika m'beseni lalikulu la madzi, m'madzimo n'kuikamo hita ya m'thanki ya nsomba yotchera pa madigiri 21, pamwamba bulangete. Beseni la madzi ndinalikonda chifukwa magetsi ankathimathima masiku amenewo, ndipo madzi amasunga kutentha maola angapo. Musafulumire ndi madzi otentha kapena kuchiyandikiza ku mbaula. Kukwera pang'onopang'ono, tsiku lathunthu, ndiko kwabwino.

Kutentha kutafika pa 20 ndinagwira chigubu m'mbali n'kuchizunguza mofatsa, chili chotseka, kuti nsenga za pansi zikwere. Apa pamafunika dzanja lofewa. Mpweya wa kunja ndi wofunika tsiku lofulula lokha. Ukalowa mowa utayamba kale kupsa umaupatsa kakomedwe ka katoni yonyowa. Ndinkachita zimenezi m'mawa ndi madzulo.

Patapita masiku awiri, 1.017. Ndinasangalala msanga. Pa 22 Julayi inafika 1.016 n'kuimanso.

Apa ndinafuna kudziwa chinthu chimodzi ndisanawononge ndalama: kodi shuga wotsalayo ndi wodyeka, kapena ndi uja amene yisiti singathe kumugaya? Zimachitika, makamaka ngati mwathira chimera chaufa chambiri kapena maltodextrin (ufa umene yisiti imalephera kuugaya), kuti mowa umathera pa nambala yokwera ndipo palibe cholakwika. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ndinatapa kapu imodzi ndi theka m'botolo lochapa bwino, ndinathiramo sipuni yodzaza ya yisiti yophikira buledi, n'kuphimba ndi nsalu pamalo otentha pafupi ndi giza, ndikumakhutchumula ndikadutsa. Masiku awiri okha, nsenga zitadikha, hydrometer inati 1.009. Shuga anali wodyeka, yisiti yanga ndiyo inali itatopa. Za m'kabotoloko ndinataya, sizibwerera m'chigubu.

Ndinaitanitsa paketi ya yisiti youma ya SafAle US-05 ya magalamu 11.5. Kungowaza yisiti youma pamwamba pa mowa umene uli kale ndi ukali nthawi zambiri sikuthandiza, chifukwa imafikira m'malo opanda mpweya, chakudya chofewa chitatha kale. Imafunika ilowe ili kale pantchito. Ndinawiritsa madzi theka la lita ndi magalamu 50 a chimera chaufa kwa mphindi 10, ndinaziziritsa kufika pa 22, n'kuthiramo yisiti m'botolo lalikulu lophedwa tizilombo. Mawa lake thovu litakwera ndinatsegula chigubu kamodzi kokha m'masiku onsewa, n'kutsanulira m'mbali mwakachetechete.

Airlock inayambanso kulira usiku womwewo, pang'onopang'ono, osati ngati poyamba. Pa 30 Julayi nambala inali 1.010, ndipo inakhala pomwepo masiku atatu otsatizana. Ndinachotsera 1.010 pa 1.042 n'kuchulukitsa ndi 131.25, ukali unatuluka 4.2 peresenti. Sabata zitatu ndi theka pamwamba pa nsenga sizinauwononge, ngakhale ndinali ndi nkhawa nazo.

Pothira m'mabotolo ndinaika shuga magalamu 6 pa botolo lililonse la mamililita 750. Limodzi ndinasankha lapulasitiki, la zakumwa zoziziritsa kukhosi, kuti ndizilifinya tsiku ndi tsiku: likalimba ngati mwala m'masiku awiri kapena atatu ndiye kuti zinthu zalakwika, onse apite mufiriji. Langa linalimba bwinobwino patatha sabata ndi theka. Makatoni ndinawasunga m'chipinda, osati m'galaja muja, poti yisiti ya m'botolo imagonanso ikazizidwa.

Botolo loyamba ndinatsegula pa 18 Ogasiti, tsiku limene masitolo a mowa anatsegulidwanso. Mayi a kunyumba analawa, nati, "Ayi ndithu wapsa, koma anzanu aja ali kale pamzere ku botolo sitolo."