Pawn ya m'thumba inatikanganitsa ku Kapata

Loweruka masana timakhala pakhonde la shopu ya mnzanga wometa tsitsi ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kusewera chess mpaka dzuwa litapendeka. Mwezi watha mphwanga, mwana wa achemwali, anabwera kuchokera ku Lusaka ndi kaseweredwe kachilendo kotchedwa bughouse. Mabolodi awiri, anthu anayi, awiriawiri. Ukadya msilikali wa mdani umapatsira mnzako wapambali, iye n'kumusunga pambali, komwe timati m'thumba, ndipo nthawi yake yoyenda ikafika akhoza kumuika pamalo alionse opanda kanthu.

Ine sizinandidabwitse kwenikweni. Ndinakulira kufupi ndi Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, kumene tinkaona bawo ya achimalawi: njere zina zimayamba zili m'manja, n'kumalowa imodziimodzi. Chess ndiyo inangochedwa kuphunzira.

Mkangano unabuka pamasewera achitatu. Mu chess, pawn, kamsilikali kakang'ono kwambiri, ikayenda mpaka pamzere wotsiriza imatha kukwezedwa kukhala queen, wamphamvu kuposa onse. Mdala wina wa m'gulu lathu anatenga pawn ya m'thumba, nkuiika pamzere wotsiriza penipeni, nati, "Ndipatseni queen."

"Iyayi, agogo, sizitero," anatero mphwanga.

"Walemba ndani?"

Panalibe amene analemba. Mphwanga anadandaulira kwa ine: "Amalume, auzeni." Tinatsegula Lichess, webusaiti yosewerera chess, pafoni, pomwe pali crazyhouse, yofanana ndi bughouse koma ya bolodi imodzi. Kumeneko pawn siiikidwa pamzere woyamba kapena wachisanu ndi chitatu. Ndipo queen amene anachokera ku pawn akadyedwa, amalowa m'thumba ali pawn basi, ulemu wonse wathera pomwepo. Lamulo limeneli ndimalikonda. Ife timaika kachitsekerero ka botolo pansi pa queen wotere kuti tisamuiwale kwawo.

Anzathu a ku Japan, mu chess yawo yotchedwa shogi, anaganiza mozama kuposa apa. Asilikali a mbali zonse ndi a mtundu umodzi, umangoona kumene nsonga yaloza, choncho wodyedwa amangotembenuzidwa. Saloleza kuika pawn pamzere woimirira pomwe pali kale pawn yako ina yosakwezedwa, ndipo kupha mfumu ndi pawn yoika kuchokera m'manja n'koletsedwa. Mu crazyhouse n'kololedwa. Pamenepa ine ndili kumbali ya shogi: mfumu kuphedwa ndi kamwana kogwa kuchokera kumwamba, zimandiwawa, makamaka poti zandichitikira kawiri.

Ndinauzanso anzanga za njira ya Yasser Seirawan ndi Bruce Harper ya mu 2007, pomwe asilikali awiri owonjezera, njovu ndi kabawi, amadikira panja, n'kulowa pamalo amene msilikali wa mzere wakumbuyo wangochokapo koyamba. Palibe anafuna kumva. Tilibe ngakhale hachi wachiwiri woyera, timagwiritsa ntchito mwala.

Tinalemba malamulo atatu pakatoni ya sopo, n'kukhomera pakhoma pafupi ndi galasi. Langa la shogi linakanidwa, mavoti atatu kwa limodzi. Agogo aja anasaina ndi chala chonyowetsa mu inki ya bolopeni, koma mpaka lero akunena kuti queen wawo tinawabera.