Mpanda unatsala pang'ono kundiphera mtengo wa mapeyala

Mtengo wa mapeyala umene malemu bambo anabzala pakhomo pathu ku Chilomoni wayambanso kuphuka, ndiye tsopano ndingathe kufotokoza osatukwana munthu.

Chaka chatha mu Epulo tinamanga mpanda wa njerwa. Amisiri anakumba maziko mita imodzi ndi theka kuchokera patsinde, mizu imene akumana nayo n'kumangoisadza ndi chikwanje. Dothi analiunjika patsinde, simenti ankakandira pamthunzi pomwepo. Ine ndili kalikiliki kuwaphikira tiyi. Mtengo unakhala chete mpaka Seputembala, dzuwa litayamba kuswa mtengo: masamba ang'onoang'ono achikasu, nsonga za nthambi kuuma, makamaka mbali ya kumpanda.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi cha ku Limbe. Ndinakwera minibasi, nthambi youma ili m'jumbo, kukalowa m'sitolo ina ya zaulimi. Mnyamata wa pakauntala sanaiyang'ane n'komwe nthambiyo, maso ali pafoni. "Mayi, chimenecho ndi chiswe, komanso mtengowo uli ndi njala." Anandigulitsa mankhwala a chiswe ndi feteleza wa Urea. Ndinathira. Pasanathe masabata awiri masamba anapserera m'mphepete n'kuyamba kuyoyoka. Nditabwererako, tsiku lina lathunthu limenelo, akuti mwina munathira wochepa, gulani wina. Wochepa! Mtengo wodulidwa mizu musauthire feteleza, abale. Timizu totsalato timapsa, ndipo zimene mtengowo ukufuna ndi madzi ndi mpweya m'nthaka.

Anandithandiza ndi agogo ena ogulitsa mbande za mitengo m'mbali mwa msewu. Atafika anakanda khungwa ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira, nthambiyo ili moyo. Kenako anafukula pansi ndi manja n'kundionetsa timizu: tamoyo timakhala toyera, takufa takuda tothothoka. "Mwana wanga, chiswe chabwera kudzadya zouma kale. Wodwala ali pansipa." Mizu yoyamwa ya mapeyala yambiri imakhala pamwamba penipeni, m'masentimita 30 oyambirira, ndipo imayala kupitirira pamene pamathera mthunzi.

Tinachotsa dothi lija ndi manja mpaka pamene tsinde limayamba kutambalala, khasu agogo aja anakaniza. Tinaphimbira pansi ponse ndi mapesi a chimanga ndi masamba ouma, kukhuthala ngati masentimita 10, koma osakhudza tsinde kuopa kuola. Kuthirira kamodzi pa sabata, pang'onopang'ono, kumene kumathera nthambi osati patsinde. Musasandutse dambo, mapeyala amaola mizu madzi akangodikha.

Ndinaiwala kunena za simenti ija. Tinapala makoko ake onse, chifukwa laimu wa m'simenti amasintha nthaka moti masamba amachita chikasu mitsempha yokha ili yobiriwira. Chikasu chimenechi n'chimene mnyamata uja ankatcha njala. Ndibwerezenso: feteleza ayi, mpaka muone masamba atsopano atakhwima.

Nthambi tinadula zouma zokha. Zina zimene zinatsala pambalambanda tinazipaka penti yoyera ya madzi, yosungunula theka ndi theka, chifukwa khungwa la mapeyala limapsa ndi dzuwa la Okutobala. Timapeyala tonse timene unabereka agogo anandiuza ndithothole. Ndinathothola mtima ukuwawa.

Mphukira zofiirira zinaoneka mu Januwale, mvula itakhazikika. Mbali ya kumpanda ikadali yopanda masamba, ndipo agogo aja akuti ndiipatse zaka ziwiri kapena zitatu. Urea wotsala uja ndinakathira chimanga kuseri kwa nyumba.