A kochi anakana kuti mwana wanga akathandize timu ina

Lachitatu lina madzulo ndangotsika tekisi kuchokera kuntchito, foni ikulira. Kuyankha, ndi bambo wina wa konkuno ku Johannesburg amene timaonana kumagalaundi, mwana wake amasewera softball timu ina ya cha ku Benoni uko. Akuti mtsikana amene amawaponyera mpira wathyoka chala kusukulu, nde ali ndi tonamenti Loweruka ndi Lamulungu, kodi mwana wanga sangapite kukawathandiza masiku awiri okhawo? Akuti adzamutenga okha pakhomo, zakudya ndi za iwo. Timu ya mwana wanga wikendi imeneyo inalibe gemu olo imodzi. Nditafika kunyumba ndikumuuza, mwana anadumpha kutsala pang'ono kugwetsa poto wa ndiwo, amayi ake mpaka kukalipa. Ine ndinati dikira kaye, tiwauze a kochi ako, zinthu ngati izi sitichita mobisa.

A kochi anayankha pa WhatsApp mawu ochepa. Akuti ayi, osewera anga sasewera matimu ena. Basi.

Mwana tsiku limenelo nsima anangoigwiragwira. Akukagona anandifunsa kuti, "Adadi, kodi ndikanapita ndikanalakwira ndani?" Ndinasowa chomuyankha, ndipo funso limeneli ndi lomwe landichititsa kulemba izi.

Kwa inu amene muli kumudzi ndipo softball simunaionepo, ndi mbale wake wa baseball. Inayambira ku Chicago m'chaka cha 1887. Timu imakhala ndi anthu 9 m'galaundi, wina amaponya, wa timu inayo amamenya ndi bati n'kuthamanga kuzungulira mabesi. Dzina lokha lija lisakupusitseni, mpira wake ndi wolimba, ukakugunda pamwendo umatupa sabata yathunthu. Woponya amazunguza mkono wonse ngati chigayo cha mphepo n'kutulutsa mpira cham'munsi pafupi ndi chiuno, ndipo akuluakulu aakazi amaponyera pamtunda wa mamita 13 okha, nde womenya alibe nthawi yoganiza. Amayi ake a mwanayu ankasewera netball kusekondale, maloto awo anali oti tidzakhale ndi Mwawi Kumwenda wathu m'nyumba muno, koma aphunzitsi ena kupulayimale anangomuveka golovesi kudzanja tsiku lina, nkhani ya netball inathera pompo. Pano ali ndi zaka 13 ndipo amakuuza pamtima kuti Japan inagonjetsa America 2-0 mu fainolo ya Olympics ku Tokyo mu 2021, kuti ku Paris softball kunalibe koma ibwereranso mu 2028, komanso kuti mu 2011 atsikana a dziko lonse lapansi anadzapikisana ku Turfhall ku Cape Town. Kwa iye si zachibwana ayi.

Vuto ndi loti kutimu kwake ndi woponya wachiwiri. Woyamba ndi mtsikana wamkulupo, waluso zedi, sindingamunyoze. Nde wanga amapanga pulakatisi kawiri pasabata, ine ndimakhala pandowa kuseri kwa nyumba kumuwakhira mipira mpaka mdima, koma pagemu amaponya mwina ka inning kamodzi, kagawo kamodzi kokha ka gemu, gemu ikakhala yoti yatha kale. Kuponya sumaphunzira pabenchi. Umaphunzira pamene mabesi onse adzaza, makolo a timu ina akukuwa, mtima uli thithithi, iwe ukuyenera kuika mpira pamalo pake. Mwayi umenewu ndi umene unabwera Lachitatu lija, magemu mwina anayi iye ali woponya woyamba, ndipo unapita chifukwa cha mawu amodzi.

Ndinatumiza voisi kwa achemwali anga amene ali ku South Bend ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri kuja, chifukwa mwana wawo naye ali mu zomwezi. Iwo kumeneko amati travel softball. Si timu yasukulu, ndi matimu oti makolo amalipira okha ndalama zambiri, ana amagawidwa potengera zaka, 10U (ndiye kuti a zaka 10 kutsika m'munsi), 12U, 14U, 16U mpaka 18U, ndipo wikendi ndi wikendi amakhala pamsewu kupita kumatonamenti, pena mpaka kudutsa malire a state, kugona kuhotela, magemu angapo tsiku limodzi. Achemwali anaseka, akuti "Achimwene, kuno zobwerekana ana n'zatsiku ndi tsiku." Amawatchula kuti guest player kapena pickup player, ndipo pa Facebook pali magulupu oti kochi amangolemba kuti tikufuna woponya wa 14U Loweruka lino, makolo n'kumayankha. Mabungwe awo ngati USA Softball ndi USSSA anachita kulemba malamulo ake, mlendo alembetsedwe, zaka zake zikhale zoyenera, ndipo pali malire a alendo amene timu ingatenge. Koma akuti ngakhale komweko anthu amakangana koopsa, makochi ena amauziratu makolo chaka chikamayamba kuti mwana wanu akakasewera kwina asadzabwerenso. Kumeneko pamakhalanso nkhani yoti mtsikana aonedwe ndi makochi a kukoleji kuti mwina apeze sikolashipu, nde kholo lililonse limafuna mwana wake aonekere paliponse. Ife kuno sitinafike pamenepo, koma mkangano wake ndi womwewo.

Ine pakati pa zonsezi mawu amene ankangobwera m'mutu mwanga ndi akuti ganyu. Amene munakulira kumudzi mukudziwa. Kwathu ku Ntcheu tinali ndi timu yapamudzi, ndipo chaka china tinafika fainolo ya chikho cha a phungu. Ndinasewera magemu onse kuyambira pachiyambi, ena opanda nsapato, kuyenda wapansi kupita midzi ina dzuwa lili pamutu. Tsiku la fainolo akomiti anabwera ndi anyamata atatu a ganyu ochokera ku Balaka, ovala mabutsi onyezimira, ndipo mmodzi anatenga malo anga ndi jezi yomwe ndinkavala. Ndinaonerera ndili panja pa chingwe, amayi anga ali pomwepo atabwera kudzandiona. Tinawina, anthu anavina mpaka usiku, koma mpaka lero chikho chimenecho sindichiwerenga kuti ndi changa. Nde musaganize kuti ndine munthu wongokonda zoti ana azingoyendayenda m'matimu. Ululu wa mwana amene walandidwa malo ndi mlendo ndimaudziwa m'thupi mwanga.

Ndipo ndi chifukwa chake zomwe zinachitika patatha masabata atatu zinandiwawa kwambiri. Timu yathu inali ndi tonamenti, tikufika m'mawa tikuona mtsikana wachilendo wavala yunifomu yathu, a kochi omwe aja amubweretsa kuchokera timu ina kuti adzasewere shortstop, malo a pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu. Sikuti tinaperewera, ana analipo 11. Mtsikana amene amasewera pamenepo masiku onse ndi mwana wa mayi wina wa ku Zimbabwe amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu, amakwera matekisi awiri kuchokera ku Cosmo City kuti mwana afike kupulakatisi ndipo sanajombepo. Mwana ameneyu anakhala pabenchi tsiku lonse golovesi ili pamwendo, akuombera m'manja anzake, osadandaula. Mvula ya mabingu ija ya kuno itayamba chakumadzulo ndinaona mayi ake akumufunditsa jekete, awiriwo osayankhulana. Ndinadziona ndekha ndili panja pa chingwe ku Ntcheu.

Nde ndinawapempha a kochi kuti tikhale pansi. Ndinene chilungamo, munthuyu si woipa. Salipidwa kanthu, amathira petulo wake, ana ena amawagulira ndi mabati omwe. Ndipo atayamba kufotokoza ndinamva kuti kuseri kwa ayi uja kuli bala. Akuti chaka chatha anabwereketsa atsikana awiri kutimu ina kwa wikendi imodzi, mwezi usanathe onse awiri anasamukira komweko, ana oti anawaphunzitsa yekha kugwira bati. Akuti makochi ena akamati tibwerekeni mwana amakhala akumuyesa kuti amube. Anatchulanso zoti mwana akakavulala kwina timu yathu ndi imene imavutika, ndiponso zoti ngati sanalembetsedwe bwino ku ligi zikhoza kubweretsa milandu.

Za kulembetsa ndikugwirizana nawo kwathunthu, zimenezo makochi awiri aimbirane foni, afunse akuluakulu a ligi, zithe. Za kubedwa kwa ana ndikumvetsa kuwawa kwake koma apa ndi pamene timasiyana. Mwana amene akusangalala kutimu kwake, amene akusewera, amene akuona kuti akukula, sachoka chifukwa choti wakaona galaundi ina masiku awiri. Amene amachoka amakhala kuti mtima unachoka kale, ndipo kumutsekera khomo sikumubweza, kumangochititsa kuti makolo ayambe kuchita zinthu mobisa. Mwana si katundu wa kochi, sitinasainirane kontilakiti ngati wosewera wa Bullets kapena Wanderers amene amalandira malipiro ndipo akagwidwa akusewera ganyu kumudzi timu ili ndi chifukwa chomulangira. Awa ndi ana a zaka 13, fizi timalipira ndife makolo. Ndinawauzanso mwaulemu kuti a kochi, ngati kubwereka ana n'koipa, nanga uja munabwera naye Loweruka anachokera kuti? Kochi wake akanakana ngati mmene munakanira inu mukanamupeza? Anakhala chete kanthawi ndithu.

Pa nkhani ya kuvulala pokha ndi pamene anandiphunzitsa kanthu ndipo ndinasintha maganizo pang'ono. Anthu ambiri mu softball amakhulupirira kuti popeza mpira umatuluka cham'munsi, mkono sutopa, mtsikana akhoza kuponya magemu atatu anayi tsiku limodzi. Si zoona. Phewa limatopa, msana ndi bondo la kutsogolo zimalandira mphamvu yonse ija mpira uliwonse, ndipo thupi la mwana likadali kukula. Ku baseball ya ana ku America, a Little League anayamba kuwerenga mipira imene mwana waponya kuyambira mu 2007, akafika pamalire amachotsedwa n'kupatsidwa masiku opuma. M'matonamenti ambiri a softball zoterezi kulibe, zimangodalira chikumbumtima cha kochi. Tsono taganizani kochi amene wabwereka woponya chifukwa wake wavulala, alibenso wina, akufuna chikho, ndipo mwanayo si wake, Lolemba sadzamuonanso. Chingamuletse n'chani kumuponyetsa mpaka mkono ulendewere? Paja amati mlendo ndi mame, nde ena amafuna amukame msanga dzuwa lisanatuluke. Ine Lachitatu lija zimenezi sindinaziganizire n'komwe, ndinangoona mwayi. Koma mankhwala ake si kukaniza, ndi kugwirizana pasadakhale kuti mwana aponya magemu angati patsiku, ndipo kholo likhale pomwepo kuwerenga, nthawi ikakwana kuimirira n'kunena kuti basi kwatha olo akunyansidwe.

Maganizo anga nde ndi awa, kochi azilola. Timu yake ikhale patsogolo nthawi zonse, ngati pali gemu kapena pulakatisi yofunika mwana asapite kwina, ndipo asapite kukathandiza timu yoti ikumenyana ndi yake mu tonamenti imodzi, zimenezo n'zosamveka. Zisakhalenso za wikendi iliyonse mpaka mwana osadziwikanso kuti kwawo ndi kuti, mapanga awiri avumbwitsa. Koma ngati timu ili pa tchuthi ndipo anzathu aperewera, mwana apite, akamve mawu a kochi wina, akaphunzire kulowa pagulu la anthu osawadziwa n'kupereka moni. Ife amene tinachoka kwathu kubwera kuno tikudziwa kuti luso limeneli ndi lofunika bwanji, tonse tinafikira m'nyumba za eni ake. Ndipo mbali inayo, kochi wobwereka abwereke chifukwa waperewera, osati chifukwa akufuna kuwina ndi mwana wa eni pamene wake amene wavutika naye chaka chonse wakhala pansi. Mlendo azidzaza dzenje, asamakumbe lina. Pa ziwirizi chimene chimawononga timu kwenikweni ndi chachiwirichi, chifukwa ana onse pabenchi paja amaona, ndipo amaphunzira kuti kulimbikira kwawo kukhoza kufufutidwa ndi foni imodzi.

A kochi sanavomere zonse. Za mwana wa ku Cosmo City uja anangoti aganizira, ngakhale ndinaona kuti gemu yotsatira anamuyambitsa ndipo sanamutulutse. Za wanga anati chabwino, koma aziyamba aimbiridwa iwo ndi kochi mnzawo osati kumva kwa ine, ndipo asapitirire magemu awiri patsiku. Ndinavomera ndi manja awiri.

A ku Benoni aja aimbanso sabata yatha, chala cha mtsikana wawo sichinapolebe. Makochi awiri ayankhulana Lolemba. Loweruka lino tidzuka 5 koloko, amayi ake anena kuti akazinga mandasi oti akagawane ndi atsikana a kumeneko, ine ndagula kale kakope kakang'ono ndi bolopeni kuti ndizikalemba mpira uliwonse umene waponya. Mwiniwakeyo chikwama analongedza kale Lachiwiri, chili pakhomo la kuchipinda kwake ndipo wandiletsa kuchisuntha.