Dzungu limene linandiitanira afiti ku Leeds

Inu amene munafika kale ku UK kuno mumatilakwira ife obwera kumene. Munthu akamanyamuka ku Lilongwe mumamuuza za jekete, za nsapato, kuti basi ya kuno siidikira munthu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amakutsina khutu kuti mwezi wa Okutobala dzungu si ndiwo, si chakudya, ndi chikwangwani.

Ine ndinafika ku Leeds dzuwa lawo likutha, ntchito ya care, yosamalira anthu osatha kudzisamalira okha, ndikukhala nyumba imodzi ndi achimwene ena a ku Ntcheu omwe anabwera kalekale. Pofika Okutobala masamba afiira n'kumayoyoka mumsewu monse, kwathu ku Mchinji anthu akuthawa dzuwa ine kuno ndikugona ndi sokosi. Lamlungu lomaliza la mweziwo anabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndiye cha m'ma hafu 4 dzuwa lalowa kale, 5 koloko kunja kuli bii.

Ndiye tsiku lina ndalowa mushopu ndikuona maungu, abale, mulu wake! Makatoni akuluakulu pakhomo penipeni, mtengo wake wa bwanamvereni. Ndinayamba kaye ndasuzumira m'mbali kuti mwina nkhwani ali pafupi, palibe, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti masamba a maungu onsewa anthuwa amawataya kuti. Ndinasankha lalikulu lenileni, m'mutu mwanga muli futali basi, poti nsinjiro ndinabwera nazo zosinja amama ndi manja awo. Ndinakwera nalo basi nditalikumbatira, agogo ena anandimwetulira, ine n'kumati eya nawonso akudziwa chakudya chabwino.

Kufika kunyumba achimwene angoliyang'ana kamodzi, akuti mphwanga chimenechi m'khitchini muno sichikwana, furiji ndi shelefu imodzi munthu aliyense. Ine nzeru zinabwera msanga, panjapo pakuzizira kuposa furijiyo, ndinakaliika pa sitepe ya pakhomo bwinobwino. Achimwene anali akuthamangira shifiti ya usiku, anatulukira khomo lakuseri, sanalione. Ndinayatsanso getsi la pakhomo kuti akuba asandibere dzungu. Tsikulo linali pa 31.

Ndikuvundula nsima ndikumva gogogo. Kutsegula chitseko miyendo inazizira pompo. Chigaza cha munthu chaima pa sitepe, mafupa okhaokha mpaka kuzala, pambali pake kamfiti kovala chipewa chakuda chosongoka tsache lili m'manja, kumbuyo kwawo china nkhope yoyera mbuu magazi akuchucha kukamwa. Zonse zazifupi, zofika m'chiuno, koma zinthu zoterezi kutalika sikofunika. Tsono ine ndi Mchewa, kwathu ukakumana ndi chirombo panjira suchiyang'ana kumaso, umagwada n'kuponya kandalama pansi, ndiye thupi silinadikire kuti mutu uganize. Ndinangozindikira bondo lili pansi, dzanja lapisa m'thumba, ndaponya khobidi la mapaundi awiri, mthiko uli kudzanja linalo nsima ikudontha.

Zinthu zija zinakuwa pamodzi kuti "trick or treat!" kenako chigaza chija chinawerama n'kutola ndalama, n'kunena zikomo ndi mawu a kamtsikana. Pageti panali mzimayi ndi pulemu, akuseka mpaka kugwira mpanda. Ndinatseka chitseko, kukhoma, kuimbira achimwene, foni yozimitsa poti ku shifiti salola mafoni.

Nsima isanapse gogogo wina. Ulendo uno mizukwa iwiri ndi kangaude. Apa mtima unali utakhala pansi pang'ono, ndinaona kuti ndi ana ndithu, nsapato zawo ndi zomwe zija zoyaka magetsi, koma popeza oyamba ndinawapatsa ndalama ndinati mwina ndi msonkho wake wa tsikuli, ndinakatenga botolo limene ndimasungamo makobidi a basi. Apa ndiye ndinadziphera ndekha. Ana a kuno mbiri amaifalitsa msanga kuposa wailesi, nkhani inamveka msewu wonse kuti nyumba ya dzungu losasema ija akupereka kashi, ndipo mwini wake amachita kugwada. Panabwera ndi zinyamata zina zandevu zongovala chigoba kumaso, yunifomu ya sukulu ikuonekera, ine n'kumangopereka.

Makobidi atatha m'pamene ndinasuzumira mu tindowa tawo n'kuona kuti anzanga onse akupereka maswiti. Ine switi m'nyumba ndinalibe ndi imodzi yomwe. Ndinakumbuka mtedza wokazinga wa kumudzi umene ndinkadya mowerenga, ndinati ana awa lero alawe chalimbana weniweni, ndinatapa dzanja lodzaza kuti ndithire mu kandowa ka mwana wina wovala ngati mleme. Bambo ake analumpha kuchokera pageti, sindikunama, anachita kuuluka, kandowa kaja anakakokera kumbuyo. Anandikalipira mwaulemu, ukali wa azungu uja woyamba ndi kupepesa, akuti ana ena kuno akangolawa mtedza amatupa kukhosi mpaka ambulansi, masukulu ambiri salola n'komwe kuti ulowe pageti, komanso chinthu chosakutidwa m'pepala mwana samupatsa. Ine ndili chiimire ndi mtedza m'manja, ndinangouponya m'kamwa kuti aone kuti si chiphe.

Kuchokera apo ndinayamba kugawa chilichonse chili m'pepala. Mabisiketi a tiyi anatha. Ma noodles anapita. Kamfiti kena kanalandira paketi ya supu wa ufa, kanaiyang'ana, kanandiyang'ana, n'kunena zikomo monyinyirika. Ndikufufuza m'kabati ya achimwene ndinapeza chitini chachikulu cha chokoleti atachibisa kuseri kwa mpunga, ndinati Mulungu sataya wake, ndinachitsegula. Apa ndiye ndinakhala bwana, aliyense ziwiri ziwiri, wovala bwino zitatu, ndinayambanso kusangalala nazo, kumawafunsa kuti iwe ndiwe ndani, wina akuti ndi Dracula, ine ndikuti moni kunyumba.

Anandipulumutsa ndi agogo achizungu a khomo loyandikana. Anabwera ndi masilipasi, akuti mwana wanga ukufuna kugawa mpaka mabulangete? Anandilozera dzungu lija, anandilozera getsi, akuti ukaika zimenezi pakhomo usiku wa Halloween ndiye kuti wauza ana onse kuti bwerani ndakonzeka, osafuna zosokoneza amazimitsa magetsi n'kukhala phee. Anandifotokozera kuti mwambowu ndi wa ku Ireland ndi ku Scotland, kale ankasema ma turnip, mbewu ina ya muzu wobulungira, n'kuikamo moto, maungu anachita kubwera ndi a ku America, ndipo usikuwo ndi wotsogolera tsiku la Oyera Onse la pa 1 Novembala. Limenelo ndimalidziwa, ndine wa Katolika, koma abambo mfumu a kwathu sanatchulepo za zigaza zogogoda m'makomo. Agogo ananyamula dzungu okha kulilowetsa m'nyumba, kuzimitsa getsi, kugogoda kunatheratu nthawi yomweyo.

M'mawa achimwene afika atatopa, akumva nkhani anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe, misozi mbwembwembwe, akuti ubwerezenso pogwada paja. Kuseka kunatha atatsegula kabati. Chitini chija chinali choti apatsire munthu wopita kumudzi, cha alamu ndi ana cha Khirisimasi, munatsala timapepala ndi ziwiri za kokonati zimene ngakhale afiti anazikana. Ndinagula china, ndipo sabata imeneyo kuntchito ndinkayenda wapansi poti botolo la basi linali gwaa.

Futali ndinaphika ndithu, ndinati dzungu landivutitsa chonchi lisapulumuke. Abale, madzi okhaokha, ulusi wokhawokha, kukoma kulibe, kani amalima osema nkhope ndi ena akudya ndi ena. Nsinjiro za amama zinangopita pachabe, chimenecho ndiye chimandiwawa kuposa makobidi.

Achimwene anaphunzirapo, za pa 5 Novembala anandiuziratu kuti ukamva kuphulika usalowe pansi pa bedi, si nkhondo, akukumbukira Guy Fawkes, munthu wa ku York konkuno amene mu 1605 anagwidwa ndi migolo ya wonga pansi pa nyumba ya malamulo akufuna kuphulitsa mfumu James. Tinapita kupaki, chimoto chachikulu, makombola m'mwamba, ndinadya keke ina yomata m'kamwa ya jinja yotchedwa parkin, imeneyo ndiye bho. Koma pobwerera tikulowa mumsewu wathu kamwana kena kali ndi mayi ake kanandizindikira, kanagwada bondo limodzi pansi n'kuponya tsamba.

Amama nditawaimbira kuwafotokozera sanaseke ngakhale pang'ono. Anangoti phee, kenako akuti, ndiye iwe ndalamazo unawapatsa ndi dzanja lako? Ndinati eya amama koma anali ana a sukulu. Akuti ndi kwathu kunonso amayambira pa ana omwewo, usamuke nyumba imeneyo, a kumphakati ndiwauza Lachinayi.