Kalata ya zaka 20 ndi masiku 90 osankha

Sabata ino pa kosi yathu ya penshoni ndi inshulansi, aphunzitsi anagawira aliyense ndondomeko ya dziko lina kuti akaisanthule. Ine inandigwera ya ku America, yokhudza mabanja a asilikali a Reserve ndi National Guard. Awa ndi anthu amene ali ndi ntchito zawozawo, koma amapita kuusilikali Loweruka ndi Lamlungu kamodzi pamwezi komanso masabata awiri pachaka. Ndinaitenga ngati phala, ndipo funso loyamba lomwe ndinagwa nalo.

Msilikali wotere amasonkhanitsa mapointi. Chaka chimawerengedwa akapeza mapointi 50, ndipo zaka zotere zikakwana 20 amalandira kalata yomuuza kuti penshoni ndi yake. Koma ndalamazo sizibwera pompo. Kawirikawiri zimayamba akakwanitsa zaka 60. Wolowa usilikali ali mnyamata akhoza kulandira kalatayo ali ndi zaka 40, n'kudikira zaka zina 20. Eniake nthawi yodikirayi amaitcha gray area. Lamulo la Survivor Benefit Plan la 1972, lopereka gawo la penshoni ya msilikali kwa banja lake iye akamwalira, silinkathandiza banja la msilikali wa Reserve womwalira pa nthawi imeneyi, mpaka mu 1978 pamene anakhazikitsa gawo lapadera la asilikali amenewa.

Kalata ija ikafika, munthu ali ndi masiku 90 oti asankhe njira imodzi mwa zitatu: A, B kapena C. Funso lathu linali la bambo wongoyerekeza amene walandira kalata ali ndi zaka 42, ndipo tinkayenera kumulangiza. Ine ndinalemba molimba mtima kuti asankhe A, ndiko kudikira mpaka zaka 60 kuti adzasankhe nthawiyo ngati akufuna kuteteza banja lake. Ndinati asamataye ndalama mwezi ndi mwezi pa chinthu chakutali. Pepala linabwera litazunguliridwa ndi inki yofiira, pambali atalemba kuti, "Nanga akamwalira ali ndi zaka 51?"

Ndinakhala pansi usiku umenewo n'kuwerenganso. Pa njira A, akamwalira ali ndi zaka 51, mkazi wake salandira kalikonse ku thumba limeneli, zaka 20 zonse zija zapita ndi mphepo. Pa B, mayiyo adikira zaka 9, kufikira tsiku limene malemu akanakwanitsa zaka 60. Pa C, ndalama zimayamba kuwerengedwa tsiku lotsatira imfa. Chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ndalama zimene ndinkati akupulumutsa panalibe. Pa B ndi C salipira kanthu pa zaka zodikirazo. Amayamba kumudula penshoni ikayamba, 6.5 peresenti ya gawo limene anasankha kuteteza, kuphatikizapo kenakake kolipirira zaka zimene banja linali lotetezedwa iye asanafike 60. Wamasiye amalandira 55 peresenti ya gawolo. Ngati gawolo ndi madola 1,000 pamwezi, iye amadulidwa 65 ndi kowonjezera kaja, ndipo mkazi adzalandira pafupifupi 550.

Pamene ndakhalitsa kwambiri ndi pa munthu amene wangoika kalatayo m'kabati n'kuiwala. Kuyambira mu 2001, masiku 90 akatha wokwatira asanayankhe, boma limamuika pa njira C, gawo lonse. Ndipo akafuna A, B, kapena kuchepetsa gawolo, mkazi kapena mwamuna wake ayenera kusaina kuvomereza pamaso pa wolumbiritsa. Mwamuna sangachite zimenezi mwamseri. Ine ndinazolowera kuti fomu yosadzazidwa imalanga otsala. Amalume anga atamwalira, fomu yawo ya kuntchito inali idakali ndi dzina la mayi awo amene anatisiya kalekale, ndipo akazi awo anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Apa ndiye kunyalanyaza kwa bambo kumathera pa kuteteza mayi. Sindikuti onse amachikonda, poti wina akafika 60 n'kuona penshoni ikudulidwa pa chinthu chimene sanasankhe amadandaula ndithu. Koma ine ndili kumbali ya lamuloli.

Zina ndinangodutsamo. Ana amalandira mpaka zaka 18, kapena 22 ngati ali pasukulu. Wolipira miyezi 360 amene wafikanso zaka 70 samudulanso. Kale wamasiye wolandira chipepeso cha ku VA, unduna woona za asilikali akale, ankamuchotsera ndalama zomwezo ku thumba limeneli, koma zimenezi zinatheratu mu Januwale 2023.

Chomwe tinakangana nacho m'gulu lathu ndi cha ukwati. Wamasiye akakwatiwanso asanakwanitse zaka 55, ndalama zimaima, ndipo zimayambiranso ukwati watsopanowo ukatha. Mnzathu wina anati n'zomveka, chifukwa wapeza womusamala. Ine ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndalama zimenezi ndi chifundo cha boma kapena ndi thukuta la malemu?" Mayi wa zaka 48 ndiye kuti azisankha pakati pa banja ndi madola 550 pamwezi kwa zaka 7. Sitinagwirizane, ndipo aphunzitsi ati Lachinayi tikaimirire kutsogolo aliyense ndi mbali yake.