Tsamba lolembera ndi pakamwa: chifukwa chake mawu ankabwerezabwereza

Mwezi wathawu ndinapangira amalume anga, omwe ndi mlembi wa komiti ya mpingo wathu kuno ku Matawale, tsamba la pa intaneti loti azilemba malipoti a misonkhano pongolankhula, popeza maso awo sakuonanso bwino zilembo za pa kompyuta. Ndinagwiritsa ntchito Web Speech API, njira yothandiza tsamba kusandutsa mawu olankhulidwa kukhala zilembo, yomwe browser ya Chrome (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) inayamba kuilola mu 2013 pa dzina la webkitSpeechRecognition. Tsiku loyesa, amalume ananena chiganizo chimodzi cha Chingerezi, koma pa sikirini chinatuluka kanayi, ulendo uliwonse chitatalikirako pang'ono.

Cholakwa chinali changa. Ndinaika interimResults kukhala true, kutanthauza kuti ndinaiyatsa, kuti iwo aziona mawu akutuluka akadali kulankhula, koma onresult (gawo la pulogalamu lomwe limalandira mawu omwe browser yazindikira) ikaitanidwa ndinkangophatikiza zonse za mu event.results, womwe ndi mndandanda wa zotsatira zonse, pa zomwe zinalembedwa kale. Zotsatira zoyambazo n'zongoyerekeza chabe, pakuti browser imazisintha ikamva mawu otsatira, ndipo zimakhazikika pokhapokha isFinal, chizindikiro choti mawuwo sasinthanso, ikakhala true. Ndinayamba kusunga mawu m'malo awiri: okhazikika amawonjezedwa kamodzi kokha, ongoyerekeza amafufutidwa n'kulembedwanso nthawi iliyonse, ndipo kuwerenga kumayambira pa event.resultIndex, malo oyamba omwe asintha mu mndandandawo, osati pa ziro. Ongoyerekezawo ndinawapatsa mtundu wotuwa kuti amalume adziwe kuti angasinthe.

Nambala ya confidence, yomwe imasonyeza mmene makinawo akutsimikizira kuti amva bwino ndipo imakhala pakati pa 0 ndi 1, sindiidalira kwambiri pa mayina a kwathu kuno. Amalume atatchula Chinamwali, panatuluka mawu a Chingerezi osagwirizana ndi malowo, choncho ndinakweza maxAlternatives, chiwerengero cha mayankho osiyana omwe makinawo angapereke, kufika pa 3 ndi kuwalola kukonza liwu lililonse ndi dzanja.

Chomwe chinandidetsa nkhawa koposa ndi kudukiza. Ngakhale continuous, yomwe imauza makinawo kuti azimvetserabe, ikhale true, munthu akakhala chete kwa kanthawi makinawo amasiya kumvetsera ndipo onend, yodziwitsa kuti kumvetsera kwatha, imaitanidwa. Mukayambitsanso, mndandanda wa zotsatira umayambira pachiyambi, motero mawu okhazikika ayenera kusungidwa kwina. Komanso pa kompyuta ya amalume, Chrome imatumiza mawu ku maseva kuti akazindikiridwe, ndiye netiweki ikadula, monga imachitira mvula ikatsika kuchokera kuphiri, onerror, yodziwitsa kuti pachitika vuto, imabweretsa uthenga woti network. Pamenepo tsamba silimayambitsanso lokha, koma limalemba ndi zilembo zazikulu kuti, "Imani kaye, netiweki yadula, zomwe mwanena kale zasungidwa."