Chiarabu cha ku Juba ndi manyazi a ophunzira

Ophunzira a pa University of Juba, mu likulu la dziko la South Sudan, amene ankabwera kudzaphunzira ntchito pa kachipatala komwe ndinkagwira ankayankhula Chiarabu cha ku Juba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ankachigwiritsa ntchito pogula nyemba ku msika wa Konyo Konyo, ponenerera mtengo kwa wa bodaboda (kabaza wa njinga yamoto), ngakhale pokangana za mpira. Koma ukawafunsa kuti amachiona bwanji, ambiri ankapukusa mutu n'kunena kuti chimenecho ndi Chiarabu chothyoka, cha anthu osapita kusukulu.

Zinkandiwawa kumva zimenezi, ngakhale ndikumvetsa komwe manyaziwo akuchokera. Chinenerochi chinayambira m'zaka za m'ma 1800, m'misasa ya amalonda a minyanga ndi akapolo komanso pakati pa asilikali olamulidwa kuchokera ku Egypt. Chinubi chomwe chimayankhulidwa ku Bombo m'dziko la Uganda ndi ku Kibera mumzinda wa Nairobi ndi m'bale wake. Mbiri yotere palibe amene amainyadira.

Komanso chimanyozedwa mbali ziwiri. Ana omwe anakulira ku Khartoum, likulu la Sudan, pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa kumpoto ndi kumwera kwa dzikolo (yunivesiteyo nayonso inasamukira komweko mu 1989) amayankhula Chiarabu cha ku Sudan, ndipo amaseka cha ku Juba kuti n'chachimidzi. Omwe anakulira ku msasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya kapena ku Uganda anabwera ndi Chingerezi ndi Chiswahili, ndipo kwa ambiri a iwo Chiarabu chilichonse chimawakumbutsa boma la ku Khartoum lomwe linkazunza makolo awo. South Sudan italandira ufulu pa 9 July 2011, inasankha Chingerezi kukhala chinenero cha boma. Ndiye wophunzira aliyense amadziwa kuti ntchito ya mu ofesi imabwera ndi Chingerezi basi.

Chomwe ophunzirawa sankachiona ndi ichi. M'dziko la zinenero zoposa 60, momwe nkhondo ya mu December 2013 inasiya chidani chachikulu pakati pa Adinka ndi Anuer, Chiarabu cha ku Juba sichili cha mtundu uliwonse. Mayi wa Chibari ndi mnyamata wa Chizande amamvana nacho popanda wina kugonjera mnzake.

Kuchipatala ndinkaziona ndi maso. Mayi afotokoze za mwana wotentha thupi, wophunzira n'kumuyankha m'Chingerezi kuti aoneke wozindikira pamaso pa anzake. Mayiyo ankangovomera ndi mutu, n'kutuluka ndi mankhwala a malungo asanamve kuti amwetse kangati. Pamene wophunzira yemweyo akanangotsegula pakamwa m'chinenero cha kumsika, zonse zikanamveka.

Achinyamatawa amachilemba kale ndi zilembo ngati zathuzi pa WhatsApp ndi Facebook. Ndikanakonda kuti aphunzitsi a zaumoyo ndi a zamalamulo aziwayesa mayeso ofotokozera wodwala kapena woimbidwa mlandu m'Chiarabu cha ku Juba, ndipo malikisi ake aziwerengedwa pa digiri.